Kodi Antivayirasi Imateteza Kompyuta Mpaka Pati? Kuyerekeza Njira Zimene Zilipo

Munthu akagula kompyuta yatsopano, kapena akatsegula fulashi yake n'kupeza kuti mafayilo onse asowa ndipo m'malo mwake muli timafayilo tongolozera kwina, funso limene amafunsa ndi lakuti antivayirasi yamphamvu kuposa zonse ndi iti. Funsoli ndi lomveka, koma silingayankhidwe ndi dzina la kampani imodzi, chifukwa makampani akuluakulu opanga mapulogalamu oteteza makompyuta amafanana kwambiri pa zimene amakwanitsa, ndipo amafanananso pa zimene zimawakanika. Pamene njirazi zimasiyana kwenikweni ndi pa zimene iliyonse imakulipiritsani mobisa, pa mtundu wa kompyuta imene mukufuna kuteteza, ndiponso pa zizolowezi za munthu amene amakhala pa kompyutapo tsiku ndi tsiku.

Mmene antivayirasi imazindikirira choipa

Njira yakale kwambiri, imene inayamba m'zaka za m'ma 1980 pamene vayirasi ya Brain, yolembedwa ku Lahore mu 1986, inkafala kudzera m'madisiki, ndi yoyerekeza fayilo iliyonse ndi mndandanda wa zizindikiro za mavayirasi odziwika kale. Akatswiri a kampani amatenga vayirasi, amaisanthula, n'kupezamo kachigawo kamene sikapezeka m'mapulogalamu abwino, ndipo kachigawo kameneka kamakhala ngati chidindo cha chala chimene amatumiza kwa makasitomala awo onse. Njirayi ndi yodalirika pa adani akale, koma vuto lake ndi lakuti vayirasi iyenera kuyamba yagwidwa kwinakwake, ndipo kawirikawiri itavulaza kale munthu wina, isanalowe m'mndandandamo. Olemba mavayirasi anazindikira zimenezi kalekale, moti masiku ano amagwiritsa ntchito makina osinthira maonekedwe a pulogalamu yawo, kotero kuti vayirasi imodzi yomweyo imatuluka m'maonekedwe masauzande ambiri. Bungwe la AV-TEST la ku Magdeburg m'dziko la Germany limanena kuti limalandira mapulogalamu atsopano oipa ndi okayikitsa oposa 450,000 tsiku lililonse, ndipo palibe mndandanda umene ungayenderane ndi liwiro limenelo.

N'chifukwa chake antivayirasi iliyonse yamakono imadalira njira zinanso ziwiri. Yoyamba ndi kuyang'anitsitsa khalidwe la pulogalamu ikayamba kugwira ntchito. Kalata yolembedwa mu Word ilibe chifukwa chotsegulira PowerShell, chida cha Windows cholamulira kompyuta ndi malamulo olembedwa, n'kuyamba kukopera zinthu pa intaneti, ndipo pulogalamu yabwinobwino ilibe chifukwa chosinthira mafayilo mazana asanu m'mphindi imodzi. Antivayirasi ikaona zoterezi imaimitsa pulogalamuyo ngakhale isakuidziwa dzina. Yachiwiri ndi kufunsa maseva a kampani pa intaneti ngati fayiloyo inaonekapo pa makompyuta ena, inaonekera liti koyamba, ndiponso ngati inasainidwa ndi wopanga wodziwika. Fayilo imene yangobadwa maola awiri apitawo ndipo sinaonekepo kwina kulikonse imakayikiridwa kwambiri kuposa imene ili pa makompyuta mamiliyoni.

Pamenepa pali vuto limene silingathe. Katswiri wina wa ku America, Fred Cohen, anasonyeza m'zaka za m'ma 1980 kuti n'zosatheka kulemba pulogalamu yozindikira vayirasi iliyonse popanda kulakwitsa ngakhale kamodzi. Antivayirasi ikakhala yokayikira kwambiri imagwira zoipa zambiri, koma imatsekeranso zabwino. Ikakhala yodekha imakusiyani mugwire ntchito mwamtendere, koma zina zimadutsa. Kulakwitsa kwa mtundu woyambawo si nkhani yaing'ono. Mu April 2010 apudeti ya antivayirasi ya McAfee inatenga fayilo yofunika ya Windows XP yotchedwa svchost.exe ngati vayirasi, ndipo makompyuta ambirimbiri a m'makampani ndi m'zipatala ankangozima n'kuyakanso mosalekeza mpaka amisiri anawakonza imodzi ndi imodzi.

Tanthauzo la mamaki a kumalo oyesera

Mabungwe oyesa maantivayirasi amene amadalirika kwambiri ndi AV-TEST, AV-Comparatives ya ku Innsbruck m'dziko la Austria, ndi SE Labs ya ku Britain. AV-TEST imapereka mamaki 6 pa chitetezo, 6 pa kusalemetsa kompyuta, ndi 6 pa kusavutitsa mwini wake ndi machenjezo abodza, zonse pamodzi 18. Aliyense amene angaone zotsatira za zaka zaposachedwapa adzaona kuti mayina ambiri odziwika amaunjikana pamwamba, ndipo pa mayeso a chitetezo ambiri amatseka pafupifupi zoipa zonse zimene aponyeredwa. Komabe mu 2014 mkulu wina wa kampani ya Symantec, imene inkapanga antivayirasi ya Norton, Brian Dye, anauza nyuzipepala ya Wall Street Journal kuti antivayirasi imagwira pafupifupi 45 peresenti yokha ya ziwembu zochitikira makompyuta. Ziwerengero ziwirizi sizikutsutsana. Oyesa amafunsa ngati antivayirasi ingagwire fayilo yoipa imene yafika pa kompyuta, pamene Dye ankanena za ziwembu zonse, kuphatikizapo zimene sizigwiritsa ntchito fayilo yoipa n'komwe, monga kuba mawu achinsinsi mwachinyengo kapena kulowa kudzera pa chiboo cha pulogalamu yakale. Choncho mamaki a oyesa ndi othandiza posiyanitsa pulogalamu yabwino ndi yachabechabe, koma kusiyana kwa theka la maki pakati pa mayina awiri apamwamba sikuyenera kukuchititsani kusintha chilichonse.

Microsoft Defender, imene ili kale mu Windows

Kwa zaka zambiri malangizo anali akuti chitetezo cha Microsoft n'chofooka, ndipo malangizowo anali ndi maziko, chifukwa mu 2012 pulogalamu ya Microsoft Security Essentials inalephera kupeza satifiketi ya AV-TEST. Zinthu zinasintha kuyambira pamene Windows 8 inabwera ndi antivayirasi yathunthu mkati mwake, makamaka m'nthawi ya Windows 10, ndipo masiku ano Defender imapeza mamaki ofanana kapena oyandikana ndi a mapulogalamu ogulitsidwa. Ubwino wake waukulu ndi wakuti siifuna kanthu kwa inu: siikutsatsani malonda a zinthu zina mobwerezabwereza, siitha nthawi ngati laisensi, ndipo imalandira maapudeti ake limodzi ndi Windows.

Ili ndi zofooka zake zimene ndi bwino kuzidziwa. Imadalira kwambiri kufunsa maseva a Microsoft, moti pa mayeso a AV-Comparatives imagwira zochepa kwambiri ikakhala kuti siili pa intaneti poyerekeza ndi ikakhala yolumikizidwa. Kompyuta imene imakhala milungu yambiri osalumikizidwa, koma imalandira mafulashi a anthu osiyanasiyana, ndi pamene kufooka kumeneku kumaonekera. Chinanso n'chakuti popeza Defender ili pa makompyuta ochuluka kwambiri padziko lonse, wolemba vayirasi aliyense amayamba wayesa ntchito yake pa iyo asanaitulutse. Ndiponso zina mwa zida zake zabwino zimabwera zozimitsa. Mwachitsanzo, Controlled folder access, imene imaletsa mapulogalamu osadziwika kusintha mafayilo a m'mafoda anu ofunika ndipo imathandiza polimbana ndi mavayirasi otseka mafayilo n'kufuna dipo, muyenera kuiyatsa nokha mu Windows Security, ndipo masiku oyambirira imatopetsa chifukwa imatsekeranso mapulogalamu ena abwino mpaka mutawapatsa chilolezo. Ine ndimaona kuti kutopa kwa masiku awiri kapena atatu amenewo n'kochepa poyerekeza ndi phindu lake.

Maantivayirasi aulere a makampani ena

Avast, AVG, Avira, ndiponso mtundu waulere wa Bitdefender ndi ena mwa mayina amene anthu ambiri amathamangira. Pa kugwira mavayirasi amachita bwino, ndipo kawirikawiri injini yofufuzira imene ili mu mtundu waulere ndi yomweyo imene ili mu mtundu wogulitsa. Choyenera kudziwa choyamba n'chakuti mayinawa ndi ochuluka kuposa eni ake. Avast inagula AVG mu 2016 ndipo ziwirizi zimagwiritsa ntchito injini imodzi, kenako mu 2022 Avast inaphatikizana ndi NortonLifeLock, imene inali itagula kale Avira, n'kupanga kampani ya Gen Digital. Munthu amene wakhumudwa ndi AVG n'kusamukira ku Avast wangosintha mtundu wa zithunzi za pa sikirini.

Chachiwiri ndi funso la mmene kampani yopereka chinthu chaulere imapezera ndalama. Njira yooneka ndi malonda: timauthenga totumphuka pakona ya sikirini tonena kuti kompyuta yanu ili ndi mavuto mazana angapo amene angathe pokhapokha mutalipira. Njira yosaoneka inaululika kumayambiriro kwa 2020, pamene atolankhani anasonyeza kuti Avast inkagulitsa mbiri ya mawebusaiti amene makasitomala ake ankatsegula kudzera mu kampani yake ina yotchedwa Jumpshot. Avast inatseka Jumpshot mwezi womwewo wa January 2020, ndipo mu 2024 bungwe la boma la America loteteza ogula la FTC linailamula kulipira madola 16.5 miliyoni. Nkhaniyi siitanthauza kuti kampani iliyonse imachita zomwezo, koma ikukumbutsa kuti antivayirasi imaona fayilo iliyonse ndi tsamba lililonse limene mumatsegula, ndipo poiika mumapatsa kampaniyo ufulu umene simupatsa pulogalamu ina iliyonse.

Kwa munthu amene ali ndi Windows 10 kapena 11, phindu losiya Defender n'kuika antivayirasi yaulere ndi lochepa kwambiri, ndipo timauthenga ta malonda tija timabweretsa vuto lina limene anthu saliganizira: munthu akazolowera kutseka machenjezo osawerenga, tsiku limene chenjezo lenileni lidzabwere adzalitsekanso.

Mapulogalamu ogulitsidwa

Norton, McAfee, Bitdefender ya ku Romania, ESET ya ku Slovakia ndi Kaspersky ya ku Russia amagulitsa chitetezo cha chaka ndi chaka. Mukayang'ana bwino zimene mukulipira, mudzaona kuti kugwira mavayirasi ndi gawo lochepa chabe. Zambiri ndi zowonjezera: kutseka mawebusaiti achinyengo pa bulawuza iliyonse, kosungira mawu achinsinsi, VPN (njira yobisira zimene mukuchita pa intaneti), zida zothandizira makolo kuyang'anira zimene ana akuchita, kuteteza makompyuta ndi mafoni angapo pa akaunti imodzi, ndiponso munthu woti mulankhule naye zinthu zikavuta. Ena amasunganso makope a mafayilo amene akusinthidwa mokayikitsa kuti awabwezeretse ngati vayirasi yofuna dipo yadutsa. Kwa banja limene lili ndi zipangizo zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, ndipo munthu mmodzi ndi amene amayang'anira zonse, kukhala ndi malo amodzi oonera ngati chilichonse chili bwino ndi chinthu chenicheni chimene Defender yokha siipereka mosavuta.

Zovuta zake zilipo zitatu zimene ndimaziona kuti n'zolemera. Choyamba ndi kalipiridwe: mtengo wa chaka choyamba umakhala wotsika, kenako laisensi imadzikonzanso yokha pa mtengo wokwera, ndipo vutoli linakula mpaka bungwe loyang'anira mpikisano wa malonda ku Britain linachititsa McAfee ndi Norton kusintha malamulo awo obwezera ndalama mu 2021. Chachiwiri n'chakuti pulogalamu yaikulu imene yalowa mkatikati mwa Windows imakhalanso khomo. Tavis Ormandy wa gulu la Project Zero la Google anapeza ziboo zoopsa m'mapulogalamu a Symantec mu 2016, zoti munthu akanatha kulanda kompyuta pongotumiza imelo imene antivayirasiyo ikanaifufuza yokha mwini wake asanaitsegule. Chaka chotsatira iye ndi mnzake anapeza vuto lofanana nalo mu injini ya Defender, kusonyeza kuti palibe amene ali woyera pa nkhaniyi, ngakhale kuti pulogalamu ya zowonjezera zambiri imakhala ndi malo ambiri olakwikira. Chachitatu ndi ndale za mayiko. Kaspersky imapeza mamaki apamwamba kwambiri kumalo oyesera, koma boma la Germany linachenjeza anthu za kuigwiritsa ntchito mu March 2022, ndipo boma la America linaletsa kugulitsidwa kwake mu 2024 n'kuimitsa maapudeti ake kumapeto kwa September chaka chomwecho. Kampaniyo imakana kuti imagwirira ntchito boma la Russia. Kaya wina akhulupirira mbali iti, antivayirasi imene maapudeti ake angaimitsidwe ndi lamulo la boma ndi yofunika kuiganizira kawiri.

Pali cholakwika chimodzi chofala kwambiri chimene chimachokera ku mapulogalamu ogulitsidwa amene amabwera kale pa kompyuta yatsopano kuti muwayese kwa masiku ochepa. Nthawiyo ikatha, anthu ambiri amangowasiya pomwepo, akumakhulupirira kuti akutetezedwabe chifukwa chizindikiro chake chikuonekabe pansi pa sikirini. Ngati simukufuna kulipira, chotsani pulogalamuyo yonse, kenako tsegulani Windows Security n'kutsimikiza kuti Defender yayakanso. Komanso musaike maantivayirasi awiri oyang'anira nthawi zonse pa kompyuta imodzi, chifukwa amalimbirana fayilo iliyonse imene yatsegulidwa, amachedwetsa kompyuta, ndipo nthawi zina iliyonse imaona inzake ngati mdani.

Zofufuzira za apo ndi apo

Mtundu waulere wa Malwarebytes, ESET Online Scanner, ndi Microsoft Defender Offline ndi zida zimene siziyang'anira kompyuta nthawi zonse koma mumaziitana mukakayikira, choncho sizilimbana ndi antivayirasi yanu yaikulu. Defender Offline ndi yothandiza mwapadera chifukwa imazimitsa kompyuta n'kuifufuza Windows isanayake, pa nthawi imene vayirasi yodziwa kubisala siinayambe kugwira ntchito. Palinso VirusTotal, webusaiti imene Google inagula mu 2012, imene imafufuza fayilo imodzi ndi injini pafupifupi 70 nthawi imodzi. Ndi yabwino poyesa pulogalamu imene mwakopera musanaitsegule, koma fayilo iliyonse imene mwatumiza kumeneko imasungidwa ndipo akatswiri a makampani ena amatha kuiona, choncho kalata ya ntchito, chikalata cha kubanki kapena chithunzi cha chiphaso chanu siziyenera kupita kumeneko. Ndipo injini zonse zikanena kuti fayilo ndi yabwino, tanthauzo lake ndi lakuti palibe amene akuidziwa ngati yoipa pa ola limenelo, basi.

Makampani ndi mabungwe

Bungwe la makompyuta makumi kapena mazana limafuna chinthu china, chimene amachitcha EDR, monga Microsoft Defender for Endpoint, CrowdStrike Falcon kapena SentinelOne. Zida zimenezi zimalemba zochitika zonse pa kompyuta iliyonse n'kuzitumiza pamalo amodzi, kuti katswiri athe kuona kuti wakuba analowera pati, anadutsa m'makompyuta ati, ndipo athe kudula kompyuta yodwalayo pa netiweki ali kutali. Zimagwira ziwembu zimene antivayirasi wamba singaone, koma phindu lake limadalira kukhalapo kwa munthu wowerenga machenjezowo usana ndi usiku. Popanda munthu ameneyo bungwe limangolipira mbiri ya mmene linaberedwera. Mphamvu imene zidazi zili nayo pa kompyuta inaonekera pa 19 July 2024, pamene apudeti yolakwika ya CrowdStrike inagwetsa makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni, malinga ndi chiwerengero cha Microsoft, ndipo ndege zinalephera kunyamuka, mabanki ndi zipatala zinasokonekera m'mayiko ambiri popanda vayirasi iliyonse.

Mac, Linux ndi mafoni

Makompyuta a Apple ali ndi chitetezo chawo chobisika, XProtect ndi Gatekeeper, chimene chimafufuza mavayirasi odziwika n'kukana mapulogalamu osasainidwa. Chikhulupiriro chakuti Mac siigwidwa ndi vayirasi chinatha mu 2012 pamene Flashback inalowa m'makompyuta pafupifupi 600,000, ndipo masiku ano mapulogalamu oba mawu achinsinsi opangidwira Mac ndi ofala, koma munthu amene amaika mapulogalamu ochokera kwa opanga odziwika okha safunikira kwenikweni kugula china. Pa Linux, antivayirasi yotchedwa ClamAV imagwiritsidwa ntchito makamaka pa maseva a imelo pofufuza mavayirasi opita ku makompyuta a Windows. Pa iPhone, mapulogalamu saloledwa kusuzumira mkati mwa anzawo, choncho chimene chimagulitsidwa ngati antivayirasi kumeneko sichingafufuze foni ngati mmene zimachitikira pa kompyuta. Pa Android, Google Play Protect imafufuza mapulogalamu, ndipo ngozi yaikulu imachokera ku mafayilo oikira mapulogalamu, otchedwa APK, otengedwa kunja kwa Play Store, makamaka amene amapempha chilolezo chowerenga mauthenga kapena kuona zonse za pa sikirini.

Kumene antivayirasi siifika

Chitsanzo chimene chimaphunzitsa kwambiri ndi WannaCry, imene inabuka pa 12 May 2017 n'kufika m'mayiko oposa 150. Vayirasiyi siinkadikira kuti munthu atsegule fayilo. Inkadzilowera yokha kuchokera pa kompyuta ina kupita pa ina kudzera pa chiboo cha Windows pa njira yakale yogawanirana mafayilo pa netiweki. Microsoft inali itatulutsa kale chigamba chotseka chiboocho pa 14 March, pafupifupi miyezi iwiri m'mbuyomo. Makompyuta amene anali atalandira apudetiyo sanalowedwe mwa njira imeneyi, kaya anali ndi antivayirasi yotani, pamene zipatala za NHS ku England zimene zinali m'mbuyo pa maapudeti zinaimitsa maulendo a odwala pafupifupi 19,000. Phunziro limeneli likugwira ntchito lero pa makompyuta a Windows 7, imene Microsoft inasiya kuithandiza mu January 2020, ndiponso Windows 10, imene thandizo lake lanthawi zonse linatha pa 14 October 2025. Antivayirasi, kaya yaulere kaya yodula, siingatseke chiboo chimene chili mu Windows momwemo.

Njira ina imene yafala posachedwapa imasonyeza bwino mmene akuba amadutsira chitetezo pogwiritsa ntchito manja a mwini kompyuta. Munthu amatsegula webusaiti, n'kuona kabokosi kooneka ngati kaja kofunsa ngati iye ndi munthu osati loboti. Akadina, pamabwera malangizo atatu aulemu: dinani batani la Windows pamodzi ndi R, kenako Ctrl ndi V, kenako Enter. Chimene sakudziwa n'chakuti pa kudina koyamba kuja webusaitiyo yamukoperera lamulo lalitali mobisa, ndipo iye mwini ndi amene akulimata m'kabokosi ka Run n'kulamula Windows kuti ilitsatire. Palibe fayilo imene yakopedwa pa bulawuza kuti ifufuzidwe, ndipo pulogalamu imene ikugwira ntchitoyo ndi ya Windows yeniyeni. M'masekondi ochepa mawu achinsinsi onse osungidwa mu bulawuza amakhala atapita. Antivayirasi yabwino nthawi zina imaimitsa zimenezi poona khalidwe lachilendo, nthawi zina ayi. Mapulogalamu oba oterewa ndi ochuluka moti mu May 2025 Microsoft inalengeza kuti inapeza makompyuta oposa 394,000 ogwidwa ndi mtundu umodzi wokha wotchedwa Lumma m'miyezi iwiri yokha.

Chimodzimodzinso ndi mapulogalamu obedwa amene anthu amakopera kuti asalipire laisensi. Pafupifupi onse amabwera ndi malangizo akuti muyambe mwazimitsa antivayirasi chifukwa ingawaone molakwika ngati vayirasi, ndipo munthu amene watsatira malangizowo wachotsa yekha chitetezo pa nthawi yeniyeni imene chimafunika. Ngakhale pulogalamu yabwino yochokera kwa mwini wake ikhoza kubwera itadwala: mu 2017 akuba analowetsa pulogalamu yoipa mu CCleaner, ndipo anthu pafupifupi 2.27 miliyoni anaikopera ili yosainidwa bwinobwino, zimene zinachititsa kuti idutse kwa milungu ingapo osakayikiridwa.

Kusankha malinga ndi kompyuta yanu

Kwa munthu mmodzi amene ali ndi Windows 11 yolandira maapudeti, amene amakopera mapulogalamu kwa opanga ake enieni, Defender yokhala ndi Controlled folder access ndi yokwanira, ndipo ndalama imene akanalipira laisensi ingagwire ntchito yabwino kwambiri atagulira hadi disiki yakunja yosungirako makope a mafayilo. Kwa kompyuta yogwiritsidwa ntchito ndi anthu ambiri, kuphatikizapo ana kapena achikulire osazolowera zachinyengo za pa intaneti, pulogalamu yogulitsidwa imene imatseka mawebusaiti oipa pa bulawuza iliyonse ili ndi phindu lenileni, koma chinthu chothandiza kwambiri, chimenenso n'chaulere, ndi kupatsa aliyense akaunti wamba yopanda mphamvu yoika mapulogalamu, n'kusunga akaunti ya woyang'anira kwa munthu mmodzi. Kwa kompyuta yosowa intaneti imene imalandira mafulashi ambiri, sankhani antivayirasi imene imachita bwino pa mayeso a kugwira popanda intaneti, muziilumikiza mlungu uliwonse kuti ilandire mndandanda watsopano, ndipo muyatse kuonetsa mathero a mayina a mafayilo kuti fayilo yothera ndi .exe kapena .lnk isadzionetse ngati foda. Kwa kompyuta yakale imene siilandiranso zigamba, funso la antivayirasi limabwera pambuyo pa funso losamukira ku Windows yatsopano kapena ku Linux.

Pa nkhani ya makope, mavayirasi ofuna dipo amatseka mafayilo a pa disiki iliyonse imene yalumikizidwa pa nthawiyo, choncho disiki yosungira makope iyenera kuzulidwa mukamaliza kukopera, ndipo ndi bwino kukhala ndi kope lina kumalo ena. Pa nkhani ya maakaunti, kuyatsa chitsimikizo chachiwiri, chimene chimafunsa umboni wina kuwonjezera pa mawu achinsinsi, pa imelo ndi kubanki kumachepetsa kwambiri phindu limene wakuba angapeze pa mawu achinsinsi obedwa, ngakhale kuti mapulogalamu ngati Lumma amabanso tizizindikiro timene bulawuza imasunga posonyeza kuti mwalowa kale, n'chifukwa chake kompyuta ikagwidwa muyenera kusintha mawu achinsinsi muli pa chipangizo china choyera n'kutulutsa akauntiyo pa zipangizo zonse.

Mukasankha njira yanu, mungathe kutsimikiza ngati ikugwiradi ntchito popanda kuika kompyuta pa ngozi. Pali kafayilo koyesera kotchedwa EICAR, ka zilembo 68 zokha, kamene sikawononga chilichonse koma makampani a antivayirasi anagwirizana kuti azikatenga ngati vayirasi. Mukakakopera pa webusaiti ya bungwe la EICAR, antivayirasi imene ili maso imakagwira nthawi yomweyo n'kukuchenjezani. Kakafika mu foda ya zokopera popanda chenjezo lililonse, ndiye kuti kuyang'anira kwa nthawi zonse kwazimitsidwa, kapena foda imeneyo inaikidwa pa mndandanda wa malo osafufuzidwa, ndipo malo oyamba kuyang'ana ndi mndandanda umenewo mu Windows Security, chifukwa mavayirasi ena amadziwonjezera okha pamenepo akangolowa.